Ubwere Seputembala, Belmiro

Nkhani iyi anayamba kundiuza ndi Graciete, mwana wamkazi wa malemu a Custódio, tikusankha mbatata kuseri kwa nyumba yake. Makalatawo, ndi omwe ankapita kunja aja amene anadzamubwezera pambuyo pake, amawasunga m'chitini cha mabisiketi, ndipo wandiwerengera kambirimbiri, moti ine wosadziwa ndi A yemwe ndimawanena pamtima, nkumamukonza mwini wake akalumpha mzere.

A Custódio anali munthu wa m'matanthwe. Kwathu kuno nyanja ikaphwa amuna amatsika maphompho ndi chingwe kukagoba persebe, tinkhono tija timamera pomwe mafunde amamenya kwambiri. Aliyense ali ndi malo ake, ndipo malo sauzana. A Custódio anali ndi mwala umene analandira kwa bambo awo, iwonso kwa bambo awo. Mwalawo umatuluka m'madzi kawiri kokha pachaka, Malichi ndi Seputembala, nyanja ikabwerera kutali kuposa masiku onse. Malo otere salemba papepala, sawatchula m'nyumba. Umatenga mwana wako wamwamuna, nkukamuimika pomwepo, nkumuonetsa pomanga chingwe ndi poponda. Mkamwini sapatsidwa.

Tsono mwana wawo wamwamuna, Belmiro, anali ku France zaka makumi awiri akumanga nyumba za eni, ndipo ankabwera Ogasiti yekha, monga amachitira onse a kumeneko. Maso a mkuluyo anali atayamba kuchita ng'ala. Kulemba sankadziwa. Wowalembera anali Graciete, ndipo Graciete ndi mkazi wa Fausto, munthu wa m'matanthwenso. Lamya inali imodzi, kusitolo, komwe ngakhale mphaka amatchera khutu. Ndiye muone mmene munthu angaitanire mwana wake pa chinthu chimene sangachitchule.

*

Lyon, 12 Febuluwale 1989

Bambo anga okondedwa,

Ndikupempha dalitso lanu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi Graciete ndi alamu anga a Fausto. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira, ndipo msana wayamba kundikumbutsa kuti sindine mnyamata.

Ndili ndi nkhani yabwino. Ndagula galimoto ya bokosi kwa munthu wina wophika buledi. Ndi yakale, ikununkhabe ufa, koma injini ili bwino. Loweruka lililonse ndikumakhomamo matabwa: bedi lanu, kabati, poika ndodo zowedzera. Ogasiti uno sindibwera kudzangokhala pakhonde nkumayankha mafunso a anthu. Ndidzakutengani, tikwere mpaka ku Caminha, kumalire a kumpoto kwa dziko lathu, ndiye tizitsika pang'onopang'ono m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Sagres, kumapeto a kum'mwera. Masabata atatu. Pomwe patikomera timanga tenti, tiwedza, tiwotcha pomwepo. Inu mwakhala ndi nyanja moyo wonse koma simunapitirirepo Setúbal.

Mdzukulu wanu Solange akubwera nafe. Wakwanitsa zaka 18, ndipo wapenga ndi zoimirira pa thabwa pamwamba pa mafunde. Musaseke. Thabwalo ndi lalitali kuposa chitseko chanu, lidzayenda padenga la galimoto.

Mundiuze za bondo lanu, ndiponso ngati mungathe kugona pansi masiku ena.

Mwana wanu,
Belmiro

*

Kwathu, 5 Malichi 1989

Belmiro mwana wanga,

Mulungu akudalitse. Tili moyo. Bondo lilipo. Mvula yagwa yokwanira nyemba.

Za galimoto ya buledi ndamva. Nyanja ya ku Caminha ndi madzi omwewa, amangofika kuno mochedwa. Pansi ndinagona iwe usanabadwe, popanda nsalu pamwamba. Mwana wa thabwayo umuuze kuti agogo ake atha zaka makumi asanu akuthawa mafunde, iye akuwathamangira. Tidzaona wanzeru.

Koma usabwere Ogasiti. Ubwere Seputembala, ufike lisanakwane la 17. Ubwere ndi nsapato zosaterera. Ndatha.

Bambo ako

Achimwene, izi ndikuwonjezera ine, bambo atuluka. Za Seputembala musandifunse, ine ndimangogwira cholembera. Koma dzulo athira khofi pambali pa kapu, nkumadikira kuti idzaze. Akuti ndikalemba zimenezi asiya kudya kunyumba kwanga. Ndalemba. Graciete.

*

Pamenepa Graciete amaika kalata pamwendo nkunena kuti, "Ndinadziwa tsiku lomwelo." Akanalephera bwanji? M'mudzi muno ukangoti 17 Seputembala ndi nsapato zosaterera, ndi agalu omwe amadziwa kuti ndi nkhani ya madzi. Mkuluyo ankayesa wabisa mwaluso. Munthu mmodzi yekha amene sakanamva anali amene ankalemberedwayo, poti anachoka ali ndi zaka 19 ndipo mwezi wa kumwamba, umene umalamula kuphwa kwa nyanja, anasiya kuuyang'ana. Graciete akanatha kuwonjezera mawu awiri pansi paja. Sanatero. Akuti mwambo unamuletsa. Kenako amaseka pang'ono nkuti, "Mwambo, ndi kamtima kenakake."

Malichi ameneyo madzi ataphwa, a Custódio anapita okha ndi thumba. Anabwerako masana thumba lili louma, buluku ndi louma. Palibe anawafunsa.

*

Lyon, 9 Epulo 1989

Bambo okondedwa, ndi iwe Graciete,

Dalitso lanu, bambo. Ndakondwa kumva kuti muli moyo. Nthabwala za thabwa Solange waseka mpaka kutsamwa.

Za Seputembala sizingatheke. Mukudziwa kuti kuno ntchito ya zomangamanga imatsekedwa Ogasiti, basi. Ndaganiza usana wonse, ndapeza kuti ndi Misa ya amayi, poti mwezi umenewo akukwanitsa zaka zisanu chimwalirireni. Tidzawapempha abambo mfumu kuti aichite Ogasiti. Amayi sanali munthu wa kalendala. Ndipo Graciete, ngati ndi denga la khitchini lija mukundifunira, ungonena, ndidzalikonza masiku awiri tisananyamuke. Osatumiza bambo kuti akulankhulire.

Mapu ndawakhoma pakhoma. Viana masiku awiri, pali mchenga wabwino womangapo tenti. Figueira atatu, mnzanga wina wa komweko akuti nsomba zimadya mbandakucha pafupi ndi mtsinje. Peniche anayi, chifukwa cha Solange ndi mafunde ake. Tsiku la khumi ndi chimodzi tili ku Lisboa, ndipo maso anu akawaone dokotala, tigule magalasi, nkhani ithe. Ndagula ndodo zitatu, chitofu cha gasi, nyali, mipando yopinda. Nsapato zosaterera ndagulanso, ngakhale sindikudziwa kuti mukuopa chiyani pamchenga.

Bambo, zaka makumi awiri nyanja ndikuionera pa kalendala wa kukhitchini. Ndatopa ndi simenti. Mundilole ndikuchitireni chinthu chimodzi chokha ndisanakalambe nane.

Belmiro

*

Kwathu, 14 Meyi 1989

Belmiro,

Mulungu akudalitse. Tili moyo. Si Misa, si denga. Amayi ako akugona bwino.

Pali chinthu cha agogo ako chimene ndiyenera kuika m'manja mwako. M'envelopu sichilowa, Ogasiti sichipezeka. Umuuze bwana wakoyo kuti nyumba zake siziwola akadikira masiku atatu. Ndatha.

Bambo ako

Achimwene, tsopano mumve zanga. Denga langa lisiyeni, analikonza Fausto chaka chatha, inu muli pakhonde mukufotokozera anthu za misewu ya ku France. Mukuti magalasi. Munthu amene mukufuna kumuonetsa nyanja ya dziko lonse sakuona khomo la nyumba yake. Amayenda chogwira khoma. Ndevu amawameta Fausto Loweruka lililonse, poti anadzicheka kawiri. Mbale ndimawauza kuti nsomba ili kumanja, mbatata kumanzere. Usana wonse amakhala pabenchi kumvetsera nyanja, ndikawafunsa akuti akuwerenga. Masabata atatu m'galimoto, kugona pamchenga, kudzuka malo achilendo tsiku ndi tsiku, adzagwa mkuluyu, ndipo wodzamusamala ndine. Inu mapu, ine mikodzo. Ndatopa, achimwene. Moni kwa alamu anga ndi kwa Solange.

Graciete

*

Lyon, 4 Juni 1989

Bambo, ndi mlongo wanga,

Dalitso lanu, bambo. Graciete, kalata yako ndaiwerenga kanayi. Wanena zoona ndipo ndachita manyazi. Undikhululukire za denga.

Bambo, za chinthu cha agogo. Sindikudziwa ngati ndi wotchi, kapena kamunda ka kumtsinje kaja, kapena china. Chilichonse chimene chili, musavutike nacho chifukwa cha ine. Mupatseni Graciete ndi a Fausto. Ndi amene ali nanu, ndi amene akuyenera. Ine nyumba ndili nayo kuno, sindikufuna kanthu ka kumudzi, ndikungofuna kukuonani. Tisadzakangane pa zinthu ngati mabanja ena.

Za ulendo ndikuganizanso. Ndidzalemba.

Belmiro

*

Kalata imeneyi Graciete anaiwerengera patebulo, Fausto ali pakona akusoka thumba lake la ukonde. Atamaliza, mkuluyo anati, "Bwereza pa wotchi paja."

Anabwereza.

"Wotchi," anatero a Custódio. "Agogo ake anali ndi wotchi liti? Ankayang'ana mthunzi wa nkhuku."

"Ndiyankhe chiyani, bambo?"

"Walemba yekha zimenezo, kapena wawonjezera iwe poti zikukomera?"

Graciete anaponya kalatayo patebulo. "Itanani abambo mfumu akuwerengereni, ngati ndine wakuba."

Fausto sanadzutse mutu. Munthu uja ndi wotero, mawu ake ukhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi pa sabata. Anangoluma ulusi nkutuluka kukadyetsa nkhumba.

Kalata imeneyo sanaiyankhe. Juni anatha, Julayi anatha. Ogasiti magalimoto a ku France anadzaza msewu monga mwa chaka chilichonse, ana olankhula m'mphuno ali balalabalala, koma ya buledi sinaoneke. Munthu wina wa kutsidya kwa mtsinje amene amagwira ntchito ndi Belmiro anadzangoima pageti, injini ikulira, nkuti, "Akuti sabwera mwezi uno, nyumba yachedwa, bwana wawagwira. Akuti alemba." Kalatayo inafika pa 31.

*

Lyon, 20 Ogasiti 1989

Bambo okondedwa,

Dalitso lanu. Pepani chifukwa chokhala chete. Tikugwira ntchito Ogasiti yense, dzuwa lili pamutu, anzathu ali kwawo. Koma taonani mmene Mulungu amachitira: bwana wandipatsa Seputembala. Mwezi womwe munkaufuna uja.

*

Pamenepo mkuluyo anamenya tebulo ndi chikhatho. "Wamva? Mwana ameneyu si chitsiru. Amangochedwa." Anauza Fausto kuti atsitse botolo. Graciete maso anali atatsika kale m'munsi mwa pepala, ndipo akuti anafuna kulipinda nkunena kuti yathera pomwepo.

"Pitiriza," anatero bambo ake.

*

Ndatsatira malangizo a Graciete. Sindikuvutitsani ndi msewu. Ine ndi Solange tinyamuka pa 1, tilowera kumpoto, tizitsika tokha monga ndinakonzera, ndipo kulikonse tidzakutumizirani khadi lachithunzi kuti Graciete azikufotokozerani, mukhale ngati muli nafe. Kwathu tifika pa 22, Lachisanu, tikhale nanu sabata yathunthu mwakachetechete, ndikupititseninso kwa dokotala. Ndikudziwa munati lisanakwane la 17, koma poti nkhani ya chinthu cha agogo tinaimaliza, masiku asanu sasintha kanthu. Bedi lanu lija ndaikapo zovala za m'madzi za Solange.

Mundisungire vinyo.

Belmiro

*

Botolo linabwerera pashelefu losatsegula. M'mawa mwake Graciete anathamangira kusitolo kukaimba lamya, anthu onse ali tcheru. Anayankha ndi mkazi wa Belmiro, nkuti anyamuka kusanache. Kumene akagone sakudziwa, iwo amangoima pomwe pawakomera. Ndiye Graciete anabwerera kunyumba, nkukhala pansi, nkulemba chimene munthu wa kwathu kuno salemba. Pa envelopu anaika kuti: Belmiro, galimoto yoyera ya buledi yokhala ndi thabwa padenga, malo omangapo matenti, Peniche.

*

Kwathu, 1 Seputembala 1989

Achimwene,

Moni sindipereka, nthawi palibe. Si wotchi. Ndi mwala. Mwala wa agogo, umene umatuluka nyanja ikaphwa kwambiri mu Seputembala, ndipo chaka chino ndi Lamlungu pa 17 m'mawa. Akufuna akuonetseni maso asanatheretu, ndipo Malichi sadzaona kanthu. Ndinadziwa kuyambira kalata yoyamba. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkaona mwamuna wanga akumeta munthu amene sanamuitanepo ndi dzina lake, ndipo zinkandiwawa. Ndinalakwa. Siyani mafunde, bwerani. Mukaima pamwalapo ola limodzi, kenako muzipita ku Sagres kwanuko.

Graciete

*

Kalata imeneyo inabwerera mu Okutobala yosatsegula. Belmiro ndi Solange sanagone pamalo olipira, anamanga tenti kuseri kwa milu ya mchenga. M'chitinimo ndi yokhayo imene inang'ambidwa pakamwa ndi yemwe anailemba.

Makhadi okha ndiwo ankafika.

*

Viana, 4 Seputembala

Bambo, tafika m'dziko lathu. Mphepo inazula tenti kawiri. Ndawedza maola anayi, ndagwira kansomba kamodzi kosakwana dzanja, Solange wakabwezera m'madzi. Tadya za m'chitini. Mukanandiseka. B.

Figueira, 9 Seputembala

Agogo, ndine Solange. Madzi a kwanu ndi ozizira ngati mpeni koma mafunde ndi abwino kuposa onse amene ndawaona. Adadi amakhala pampando ndi ndodo, nthawi zambiri ali mtulo. Akuti inu mumadziwa funde lalikulu lisanabwere, pongomvetsera. Mudzandiphunzitse. Ndikukupsompsonani.

Peniche, 13 Seputembala

Bambo, tili bwino, tiwonjezera masiku awiri kuno, mwanayu sakufuna kutuluka m'madzi. Nyanja yayamba kubwerera kutali, asodzi akuti Lamlungu iphwa kuposa chaka chonse. Ndakumbuka ndili mwana, masiku ngati amenewa munkadzuka osadzutsa munthu, nkubwera ndi thumba lodzaza. Sindinakufunsenipo kumene munkapita. Mudzandiuze ndikafika. Pa 22. B.

*

Khadi lomalizali linafika Loweruka masana, pa 16. Graciete anawawerengera. Mkuluyo anapempha khadilo, nkuligwira, nkulitembenuza, nkufunsa kuti pachithunzipo pali chiyani.

"Mabwato, bambo. Ndi linga lakale."

"Kuchokera ku Peniche kufika kuno ndi maola angati pa galimoto ya buledi?"

"Asanu, kapena asanu ndi limodzi."

"Si patali," anatero. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, nkhope italoza kumsewu, osati kunyanja monga mwa masiku onse. Galimoto iliyonse ikamveka ankadzutsa mutu. Chakudya chamadzulo anadya pang'ono nkukagona.

M'mawa mwake, belu la Misa yoyamba lisanalire, anagogoda pakhomo pa Graciete. Anali atavala juzi yawo ya kumatanthwe, chitsulo chogobera chili m'manja ngati ndodo.

"Mwamuna wako wadzuka?"

"Akumwa khofi."

"Umuuze atenge chingwe. Chachitali."

Ananyamuka atatu, mkuluyo atagwira phewa la mwana wake, Fausto patsogolo ndi chingwe. Anadutsa minda ya mbatata, nkutsata njira ya pamwamba pa phompho imene aliyense amadutsa. Atafika pamene pali tchire lothithikana, popanda kanjira kooneka, Fausto anakhota nkulowa m'tchiremo. Mkuluyo anamva nthambi zikukhwekhwereza. Anaima.

"Wakuuza ndani kuti tikhote?"

Fausto anabwerera, nkuvula chipewa. "Palibe, bambo."

"Malo ano ukuwadziwa kuyambira liti?"

"Chaka chimene ndinakwatira. Ndinakuonani ndili m'bwato la msuweni wanga."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi."

"Eya."

"Ndipo sunatsikepo."

"Mwini wake anali asanandiitane."

Graciete akuti anamva dzanja la a Custódio likulemera paphewa pake. Pansi nyanja inali itabwerera kutali, mwala uli poyera, wakuda bii.

"Chingwe ukanamanga pati?"

"Pa mwala waukulu wa pamphepete."

"Ukanamusiya mwana wangayu ali mkazi wamasiye. Umagwedera umene uja, unayamba nthawi ya bambo anga. Tiye, Fausto."

Mkuluyo anakwawa ndi maondo mpaka kumphepete, akupapasa pansi ngati wotaya ndalama, mpaka dzanja linalowa mumng'alu wobisika ndi udzu. Anagwira mkono wa mkamwini wawo nkuulowetsa momwemo.

"Wachimva chitsulocho? Anakhoma agogo anga. Umanga apa. Ukatsika, phazi lamanzere liyambe. Ukamva ndakuwa, usiye thumba, ukwere, usayang'ane kumbuyo. Tsika, madzi sadikira."

Fausto anatsika. Mkuluyo anakhala pansi, chingwe chikudutsa m'manja mwake, mutu utapendekera kunyanja. Graciete anakhala pambali pawo, ndipo patapita kanthawi anafunsa.

"Nanga achimwene akafika Lachisanu, tiwauza chiyani?"

"Tidzamufunsa za ulendo wake," anatero a Custódio. "Adzakhala ndi zambiri zonena. Khala chete tsopano, ndikumvetsera."